ZA UMOYO: Mwana wa Giredi 12 akamadwala mutu, mankhwala ena ali panyumba

Mwezi wa Okutobala ukafika mu Lusaka, dzuwa limaswa mtengo, ndipo maluwa a jakaranda amayoyoka m'miseu ya ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Ndi nyengo yomweyi pamene pa mizere ya odwala m'makiliniki pamacuruka ana obvala yunifomu. Ambiri mwa iwo ndi a Giredi 12, amene mayeso ao otsiriza amalembedwa mu Okutobala ndi Novembala.

Tsiku lina mai wina wa ku Kabwata anabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka 17. Mtsikanayo anali atadwala mutu kwa masabata atatu. Ankati mutu umakhala ngati aumanga ndi lamba, pakhosi kumbuyo pamauma, ndipo nthawi zina mtima umagunda ngati wathamanga. Panado anali atamwa wambiri. Anamupima malungo, sanapezeke. Magazi anali okwanira, thupi silinali lotentha, maso anali kuona bwino.

"Kodi umagona nthawi yanji, mwanawe?" anafunsa a dokotala.

"Ndimagona 01 koloko usiku, ndimauka 04 koloko kuti ndiwerengeko ndisanayambe kusesa," anayankha mtsikanayo.

"Nanga m'mawa umadya ciani?"

"Palibe. Ndimadya ndikabwerako ku matyushoni."

Amai ake anadabwa kumva kuti matenda sanapezeke. "Ndiye kuti mwanayu akunama, a dokotala?"

"Iai amai, sakunama. Mutu ukumupwetekadi. Koma gwero lake ndi nkhawa ndi kusowa tulo, ndipo mankhwala ake ambiri ali kunyumba kwanu."

Nkhani yonga iyi imabwerezeka caka ciri conse, ndipo ndi bwino kuti banja liri lonse lokhala ndi mwana wolemba mayeso liimvetse.

Cimene nkhawa imacita m'thupi

Munthu akaona coopsa, monga galu wolusa panjira, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Tiziwaloti timathira m'magazi mankhwala a m'thupi ochedwa adrenaline ndi cortisol. Pomwepo mtima umafulumira, kupuma kumakwera, minofu imakungika, m'kamwa mumauma, ndipo m'mimba mumaleka kugaya cakudya. Zonsezi ndi zothandiza munthu kuthawa kapena kudziteteza. Galu akapita, thupi limabwerera mwakale.

Bvuto la mayeso ndi lakuti coopsaco sicicoka msanga. Mwana amagona naco, amauka naco, kwa miyezi. Minofu ya m'khosi ndi ya m'mutu ikakhala yokungika masiku ambiri, mutu umapweteka. M'mimba mukasokonezeka, mwana amadandaula cilungulira, kutsegula m'mimba kapena kusafuna kudya. Atsikana ena amaona kuti kumwezi kwacedwa kapena kwasintha. Ena ziphuphu zimacuruka kumaso. Ena amasanduka aukali, kuyankha makolo mwacipongwe pamene kale anali ofatsa.

Izi sizacilendo kwa a zacipatala. Mu 1960 dokotala wina wa matenda a maganizo, Raymond Prince, analemba za ophunzira a ku Nigeria amene ankadandaula kuti m'mutu mukutentha, kapena kuti mukuyenda tinthu, maso akucita cidima akayang'ana m'buku, ndipo zimene awerenga sizikulowa. Madandaulo omwewa amamveka mpaka lero kwa ana a ku Libala, ku Chelstone ndi ku Kamwala. Mabanja ena akamva zakuti "m'mutu mukuyenda tinthu" amafulumira kuganiza kuti mwana walodzedwa ndi anansi a nsanje, ndipo ndalama za ndiwo zimathera kwa ang'anga. Kawirikawiri ubongo wa mwanayo wangotopa.

Nkhawa yocepa si yoipa. Ndiyo imautsa mwana kuti atsegule buku. Imasanduka matenda pamene yamulanda tulo, cakudya ndi nzeru zowerengera.

Katundu amene mwana wasenza

Mayeso a Giredi 12 amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia. Phunziro liri lonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufika 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, 3 ndi 4 kutsatira, 5 ndi 6 ndiyo kirediti, ndipo 9 ndiko kulephera. Wofuna kulowa pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, afunika makirediti asanu kuphatikizapo Cizungu, ndipo pa maphunziro olimbirana monga udokotala amasankha okhawo amene anakhoza kopambana. Conco mwana wa zaka 17 kapena 18 amauzidwa kuti moyo wake wonse wagona pa masabata owerengeka.

Katunduyu amasiyana malinga ndi nyumba. Mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands angakhale ndi cipinda cake ca yekha ndi nyale ya sola, koma tsiku ndi tsiku amamva atate ake akuti, "M'nyumba muno palibe amene anapitirira mapointi 10." Mwana wa ku Kabwata amawerengera pa tebulo la pabalaza pamene ena akuonera wailesi ya kanema, ndipo adziwa kuti amai ake, ogulitsa pa msika wa Soweto, amadikira iye kuti adzaphunzitse ang'ono ake. Wa ku Chelstone wophunzira m'tauni amataya maola m'minibasi pa mseu wa Great East, ndipo madzulo amaima pa Kulima Tower kudikira basi ali ndi njala. Mtsikana amaonjezera kuphika, kucapa ndi kulera ana. Mwana wamasiye wokhala kwa amalume kapena kwa azakhali amaopa kuti akalephera adzabwezedwa kumudzi.

Zaka zina zimabwera ndi mabvuto ao. Mu 2020 masukulu anatsekedwa mu Marici cifukwa ca Covid-19, ndipo makalasi olemba mayeso anabwerera mu Juni. Mu 2024 kolera inacedwetsa kutsegula masukulu mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo caka comweco cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, malaiti nkumazima maola ambiri pa tsiku. Ana a zaka zimenezo anawerengera pa kandulo ndi pa toci ya foni, ali ndi mantha akuti silabasi sidzatha. Kuyambira 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, cinthu cimene cinapepuza makolo, koma makalasi anadzaza, ndipo mabanja ambiri amalipirabe matyushoni. Mwana amene amva tsiku liri lonse kuculuka kwa ndalama zimene zamuthera amawerenga ngati munthu wa ngongole.

Tulo ndi mbali ya kuwerenga

Ana ambiri amakhulupirira kuti wokhoza mayeso ndi amene sagona. Ena amaika mapazi m'beseni ya madzi ozizira kuti tulo tisabwere. Kumeneku ndi kudzinamiza. Zimene munthu waphunzira masana, ubongo umazilongosola ndi kuzisunga pamene iye ali mtulo. Wowerenga usiku wonse ali ngati wotunga madzi m'dengu: nchito yaikuru, cofika naco kunyumba cocepa.

Akatswiri a za tulo amati wacinyamata wa zaka 13 mpaka 18 afunika kugona maola 8 mpaka 10. Pa nyengo ya mayeso mwana amene auka 05 koloko ayenera kukhala atagona pofika 21 koloko. Usiku woti mawa lake kuli pepala ndiwo usiku wofunika tulo kuposa wina uli wonse. Foni isagone naye pa bedi, cifukwa mauthenga a WhatsApp a anzake a m'kalasi amabwera usiku wonse, ndipo ambiri ndi ofalitsa mantha.

Kawerengedwe kothandiza ndi ka pang'ono pang'ono. Mwana awerenge mphindi 40 kapena 50, apumule mphindi 10, ayende panja, amwe madzi. Akatsiriza mutu umodzi atseke buku ndi kulemba zimene akukumbukira, cifukwa kudzifunsa wekha kumakhazika zinthu m'mutu kuposa kungobwereza kuwerenga. Mapepala a mayeso a zaka zapita ayankhidwe moyang'ana koloko, kuti tsiku lenileni lisadzakhale lacilendo. Phunziro lobvuta liikidwe m'mawa pamene mutu uli wopepuka. Kuwerenga m'gulu la anzake atatu kapena anai kumathandizanso, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Cakudya, madzi ndi mankhwala

Ubongo umadya. Mwana wopita ku sukulu wopanda kanthu m'mimba amayamba kusinza ndi kumva mutu nthawi isanafike 10 koloko. Sipafunika zakudya za mtengo wapatali. Phala lothira nsinjiro, mbatata yophika, buledi ndi dzira, kapena nsima yotsala dzulo, zonsezi ndi zokwanira m'mawa. Nyemba, kapenta, lepu ndi cibwabwa zimathandiza magazi, makamaka kwa atsikana amene amataya magazi mwezi ndi mwezi. Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa thupi, ndipo kusowa madzi pakokha kumadwalitsa mutu. Mwana anyamule botolo la madzi owiritsa kapena othira kolorini.

Zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu, pamodzi ndi khofi, ziri ndi caffeine. Mankhwala amenewa amakhala m'magazi nthawi yaitali: pakapita maola asanu, pafupifupi theka limakhala likalimo. Amene wamwa citini 20 koloko adzagona mobvutika, mtima udzagunda, manja adzanjenjemera, ndipo iye adzaganiza kuti wadwala mtima.

Panado naye ali ndi malire. Wamkuru sayenera kupitirira mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, cifukwa ocuruka amaononga ciwindi. Ndiponso munthu womwa mankhwala a mutu pafupifupi tsiku liri lonse kwa masabata ambiri amayamba kudwala mutu cifukwa ca mankhwala omwewo. Aspirin ndi brufen zikamwedwa m'mimba mopanda cakudya zimakanda cifu. Mapiritsi ogonetsa asamwedwe popanda kulemberedwa ndi a cipatala.

Coopsa cina ndi anzake amene amanyengerera mwana kuti camba cimatsegula nzeru, kapena kuti mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine amakhazika mtima pansi. Camba cimafooketsa kukumbukira, ndipo kwa acinyamata ena cimautsa misala. Codeine imazolowereka msanga. Bungwe la Drug Enforcement Commission, kuonjezera pa kugwira ogulitsa, liri ndi alangizi othandiza ana amene agwa m'zimenezi. Kholo lopeza timabotolo ta mankhwala a cifuwa m'cikwama ca mwana wosatsokomola lisazengereze kufunafuna thandizo.

Za malikeji

Pa nyengoyi pamabuka anthu ogulitsa mapepala amene amati ndi mayeso enieni obedwa. Ambiri ndi abodza, ndipo mwana amataya usiku wonse kuloweza mayankho a mafunso amene sadzabwera. Ngakhale pepalalo likhale lenileni, wogwidwa nalo zotsatira zake zimafafanizidwa, ndipo angaimbidwe mlandu. Mu Okutobala 2018 unduna wa maphunziro unaimitsa mayeso m'dziko lonse cifukwa ca mapepala otuluka, ndipo ana osalakwa anaonjezeredwa masiku a nkhawa. Kholo lopereka ndalama ya likeji likuuza mwana wake kuti silikhulupirira mutu wake, ndipo likumusenzetsa mantha atsopano, oopa kugwidwa.

Zimene a panyumba angacite

Coyamba ndi kucepetsa nchito. Kuyambira Seputembala mpaka pepala lotsiriza, kuphika, kucapa ndi kutumidwa ku msika zigawidwe kwa ena, anyamata omwe. Caciwiri ndi malo. Ngakhale m'nyumba ya zipinda ziwiri, banja lingapangane kuti kuyambira 19 koloko mpaka 21 koloko wailesi izimitsidwa ndipo tebulo ndi la wolemba mayeso. Nyale ya sola kapena yocajing'a ndi yabwino kuposa kandulo, imene yatentha nyumba zambiri mwana atasinza.

Cacitatu ndi mau. "Ukalephera usadzalowe m'nyumba muno" ndi mau amene kholo limanena ndi pakamwa cabe, koma mwana amawasunga mumtima ngati ciweruzo. Kumuyerekeza ndi mwana wa aneba kapena ndi mkuru wake sikumuonjezera nzeru. Mau othandiza ndi onga awa: "Mwanangu, cita zimene ungathe. Zotsatira zikadzabwera tidzakhala pansi tonse." Kufunsa kuti "Lero wadya?" kumatsegula mwana pakamwa kuposa kufunsa kuti "Udzapeza mapointi angati?"

Ana ena samasuka kwa atate kapena amai ao. Apa ndi pamene ambuya, azakhali, amalume kapena mkuru wa ku chalichi amathandiza. M'masukulu a sekondale muli aphunzitsi a uphungu, ndipo kholo liri ndi ufulu wopita kukaonana nao.

Mwana asaletsedwe kusewera. Mphindi 30 za mpira, netibo kapena kuyenda ndawala madzulo zimamasula minofu yokungika ndi kubweretsa tulo tabwino. Kuyimba kwaya ndi kuseka ndi anzake si kutaya nthawi.

Mantha akagwira mwadzidzidzi

Ana ena mantha amawagwira mwamphamvu, ngakhale m'cipinda ca mayeso. Mtima umagunda, cifuwa cimathina, zala ndi milomo zimacita dzanzi, ndipo mwana amaganiza kuti akufa kapena wapenga. Dzanzi limabwera cifukwa ca kupuma mofulumira. Mantha otere amafika pacimake m'mphindi ngati 10 kenaka amatsika okha. Mwana aike colembera pansi, akoke mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa powerenga mpaka 6, abwereze kangapo. Akadekha ayambe ndi funso limene alidziwa bwino. Kapumidwe aka aziyeserera kunyumba masiku onse kuti adzakakumbukire pa tsikulo.

Nthawi yothamangira ku cipatala

Si mutu uli wonse umene uli wa nkhawa, ndipo kholo lisagamule lokha. Mwana apite ku cipatala tsiku lomwelo ngati mutu wabwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi kolephera kuwerama, kusanza kosalekeza, kukomoka, kugwa khunyu, kapena ngati wayamba mwadzidzidzi ndi ukali umene sanaumvepo. Kupima malungo ndi kwa mphindi zocepa. Kucepa magazi ndi bvuto la maso nazonso zimadwalitsa mutu, ndipo zonse ziwiri zimacizika.

Pali zizindikiro zina zosonyeza kuti nkhawa yasanduka matenda a maganizo. Mwana akakhala wacisoni masabata awiri kapena kuposa, wosafuna kudya, wodzitsekera m'cipinda, woleka kusamba ndi kuceza, wolira popanda cifukwa, afunika kuonedwa. Akayamba kunena kuti "Ine ndine mtolo kwa inu" kapena "Kuli bwino ndingofa," mau amenewo asatengedwe ngati nthabwala kapena mwano. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limati mmodzi mwa acinyamata 7 ali onse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi bvuto la maganizo, ndipo kudzipha ndi cimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29.

Kufunsa mwana mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Kawirikawiri kumamupepuza, cifukwa wapeza womumvera. Akabvomera, asasiyidwe yekha, mankhwala onse oopsa a m'nyumba atsekeredwe, ndipo aperekezedwe ku cipatala tsiku lomwelo. Thandizo limayambira pa kiliniki ya pafupi, monga ya Kabwata kapena ya Chelstone, kapena pa cipatala ca Chilenje. M'makiliniki ambiri muli malo apadera olandirira acinyamata. Ofunika akatswiri amatumizidwa ku UTH kapena ku Chainama Hills. Anthu ambiri amaopa dzina la Chainama poganiza kuti ndi kwa amisala okha, koma ambiri opita kumeneko amaonedwa ndi kubwerera kwao tsiku lomwelo. Mu 2019 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, lolowa m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, ndipo limateteza ulemu wa odwala otere. Palinso manambala aulere a foni: 116 ya Childline ndi 933 ya Lifeline.

Zotsatira zikatuluka

Nyengo yaciwiri yoopsa ndi kuciyambi kwa caka, pamene zotsatira zimalengezedwa. Masiku ano mwana amaziona pa foni, mwina ali yekha. Ndi bwino kuti pa tsikulo pakhale wamkuru pafupi naye, ndipo zikakhala zoipa, kukalipa kudikire.

Banja liyenera kudziwa njira zina mayeso asanalembedwe nkomwe, cifukwa mwana wodziwa kuti pali khomo lina amalemba ndi mtima wokhazikika. Amene walephera phunziro limodzi kapena awiri angalembenso pa mayeso a GCE, amene amakonzedwa ndi bungwe lomwelo la mayeso, ndipo anamwino ndi aphunzitsi ambiri anadzera njira imeneyi. Pali makoleji monga Evelyn Hone m'tauni ndi NRDC kufupi ndi Chelstone, ndiponso masukulu a nchito za manja oyang'aniridwa ndi TEVETA. Kuyambira 2022 thumba la CDF limalipirira acinyamata ena ophunzira nchito zotere, ndipo zofunsira zimayambira ku ofesi ya wadi. Mtsikana amene watenga mimba asataye mtima: kuyambira 1997 malamulo a maphunziro amamulola kubwerera ku sukulu akabereka.

Mtsikana uja wa ku Kabwata sanapatsidwe jekeseni. Anauzidwa kuleka Panado wa tsiku ndi tsiku, kugona 22 koloko, kudya phala m'mawa ndi kubweranso pakapita masabata awiri. Amai ake anapempha kusesa ndi kutsuka mbale kwa mlongo wake wa Giredi 9, amene poyamba anang'ung'udza kuti ndi nchito ya akazi. Pa tsiku lobwereza mtsikanayo anati mutu umabwerabe masiku ena, makamaka akaganiza za pepala la masamu, koma tsopano zimene awerenga zikulowa.

"Nanga ndimugulire mankhwala anji ena, a dokotala?" anafunsa amai ake.

"Palibe, amai. Muzingoona kuti nyale yazima 22 koloko."